Khola Lozizira

Lolemba m'mawa, Fyness Mhone atatsegula chipinda cha makoswe, anapeza makola awiri ali pululu, zitseko zake zili zotsegula. Chikwama chinamupulumuka m'manja. Anali atangotsika minibasi kuchokera ku maliro a azakhali ake ku Chintheche, maso ali otupa, nsapato zili matope okhaokha, ndipo m'mutu mwake munali chinthu chimodzi: abaye makoswe ake jakisoni, kenako akaponye mafupa pabedi kwawo ku Katawa. Pakona panali chikhola chakale cha mbira chimene anthu anachiiwala kalekale, chitafunditsidwa masaka awiri. Atavundukula anawaona. Makoswe oyera makumi awiri anali ataunjikana mulu umodzi, ali m'tulo tofa nato.

Wina anganene kuti nanga mlandu uli pati, poti onse anali amoyo. Mlandu unalipo, ndipo sunali wamasewera.

Fyness ankachita digiri yachiwiri pa sukulu ina ya ukachenjede mu Mzuzu momwemo, ndipo ntchito yake inali pa chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kaja kamene kakatupa anthu amayamba kuloza zala anansi awo. Chithokomiro chimathira m'magazi homoni yotenthetsa thupi, koma sichidzilamula chokha. Pansi pa ubongo pali kanthu kena kotchedwa pituitale, kamene mwa khoswe sikaposa njere ya mpunga, ndipo n'kamene kamachituma. Homoni ya chithokomiro ikakwanira m'magazi, pituitale imatsitsa mawu. Ikasowa, pituitale imalamula mowirikiza osapuma, ndipo mwa khoswe imafookanso pa ntchito yake ina yopanga homoni yokulitsa thupi, mwakuti khosweyo amapinimbira.

Makoswe a Fyness analipo makumi atatu. Khumi ankamwa madzi wamba, ndipo ananenepa mpaka kunyezimira; amenewo anali phee m'khola mwawo, palibe anawakhudza. Makumi awiri enawo, kwa milungu isanu ndi umodzi, ankamwa madzi a m'mabotolo a chivindikiro chofiira, osakaniza ndi mankhwala ogonetsa chithokomiro. Anapinimbira, ubweya unachita nyankhalala, ankangokhalira kuwodzera. Sabata yapitayo Fyness anawagawa pawiri. Khumi ankawabaya homoni ya chithokomiro podumphitsa tsiku, khumi enawo ayi. Lachinayi anayenera kuwapha onse, kutenga magazi ndi mapituitale awo n'kutumiza ku Blantyre kumene kunali makina oyezera, kuti aone ngati pituitale ya obayidwa yatsitsa mawu n'kubwerera ku ntchito yake.

Tsopano obayidwa ndi osabayidwa anali mulu umodzi, ofanana msinkhu, ofanana ubweya, maso ofiira onse. Manambala amene Fyness analemba ndi inki yakuda pa michira yawo anali atapita, chifukwa makoswe akaunjikana amanyambitana. Ndipo lerolo linali tsiku la jakisoni. Dzuwa likalowa asanabaye khumi oyenerawo, homoni ikanatha m'magazi mwawo, ndipo ntchito yonse ikanapita m'madzi. Makoswe ena kunalibe. Awawa anachokera ku Joni atawadikira miyezi isanu ndi itatu.

Chitseko chinalira kumbuyo kwake. Analowa a Herbert Nyasulu, bambo wa imvi amene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankatsuka makola ndi kudyetsa nyama za m'chipindamo. Anali atanyamula chidebe cha utuchi, akumwetulira ngati munthu amene akuyembekeza kuyamikidwa.

"Mwawuka uli, Madam?" anapereka moni m'Chitumbuka. "Pepani chomene ndi maliro."

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, Madam. Loweruka usiku kunazizira koopsa, nkhungu yochokera ku phiri la Kaning'ina inalowa mpaka muno. Hita ija mukudziwa inafa mu Epulo. Dzulo m'mawa ndinapeza a khola ilo akunjenjemera, mmodzi atauma gwa, ndimati wafa. Pomwe a khola linalo anali ofunda bwinobwino. Ndiye ndinati afunditsane. Koma madzi sindinalakwitse, onse ndawapatsa a chivindikiro chofiira."

Magazi a Fyness anawira. Tulo tamasiku awiri, chisoni cha maliro, miyezi isanu ndi itatu yodikira, zonse zinakumana pakhosi n'kutulukira pakamwa.

"Afunditsane! Ndani anakutumani? Mukuona ngati ndi anapiye a kwanu awa? Ndinalemba pakhola kuti osasakaniza, m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, kapena kuwerenga kumakuvutani? Milungu sikisi, a Nyasulu! Ndadzuka folo koloko milungu sikisi, ndasiya maliro a azakhali anga anthu asanabalalike, chifukwa cha makoswe amenewa, inu n'kubwera ndi chifundo chanu chopanda mutu!"

"Madam, Lachinayi lapitali ndinakuuzani kuti inki ya pa michira ikufufutika..."

Zinali zoona. Anamuuza, iye n'kuyankha kuti wamva, maso ali pa foni. Koma munthu wopsa mtima ukamukumbutsa cholakwa chake umangothira mafuta pamoto. Pakhonde panali pataima ophunzira a chaka choyamba atatu ndi mayi wokolopa, makutu ali tcheru, ndipo Fyness anawaona, koma sanatsitse mawu.

"Musandiuze za inki! Ntchito yanu muno ndi kuwola ndowe za makoswe. Kuganiza kusiyireni ife amene tinapita kusukulu. Mbuli ikayamba kuganiza, zotsatira zake ndi zimenezi!"

Mayi wokolopa uja anagwira pakamwa. A Nyasulu anali msinkhu umodzi ndi bambo ake a Fyness, ndipo kwawo ku Chintheche mwana wolankhula chonchi kwa wamkulu akanamukhazika pansi abale onse. Mdalayo anawerama. Anaika chidebe pansi bwinobwino, anavula chijasi chake choyera n'kuchikoleka pa msomali, anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika patebulo.

"Yewo," anathokoza m'Chitumbuka, natuluka.

Apite, Fyness anati mumtima. Apite ndithu, dziko silinayambire pa iwo. Anaimbira foni Dokotala Msiska, amene ankayang'anira ntchito yake. Bamboyo anali ku msonkhano ku Lilongwe, monga mwa masiku onse. Chaka chimenecho makoswe anali atamuona kawiri, ndipo kachiwiriko anabwera kudzajambulitsa nawo. Anamvetsera nkhaniyo kwinaku masipuni akulira m'makapu.

"Eya, pepa Fyness. Koma usazitengere pamtima kwambiri. Just divide them, ten uku, ten uko, ubaye gulu limodzi. Ndani adzadziwe? Manambala akadzabwera kuchokera ku Blantyre tidzaona mmene tingawakonzere."

"Tingawakonzere bwanji, Doc?"

"Iwe, ukufuna digiri kapena ukufuna kukalowa kumwamba? Ndikulowa mu session."

Foni inaduka. Fyness anaiyang'ana, ndipo akanakhala kuti inali ya wina akanaimenyetsa kukhoma. Mkwiyo umene anali nawo pa a Nyasulu unali wotentha, koma uwu unali wina, wowawa ngati ndulu. Mdala wosaphunzira analakwitsa pofuna kupulumutsa khoswe, pomwe mwini madigiri atatu ankamuuza kuti aname, tiyi ali m'manja. Kugawa mwachisawawa kukanatanthauza kubaya ena amene sanabayidwepo ndi kusiya ena amene anabayidwa kale, n'kudzalemba m'buku zinthu zimene sizinachitike. Ayi, zimenezo anakana kwamtuwagalu, ngakhale panalibe womumva.

Anayamba kulimbana nazo yekha. Anayeza makoswe onse pa sikelo, koma sabata imodzi ya jakisoni inali isanawasiyanitse mokwanira. Anawapima kutentha, koma atagona usiku wonse m'masaka onse anali ofanana. Anatenga tochi n'kuunika mchira uliwonse, mamba ndi mamba, ndipo pa makumi awiriwo anapeza atatu okha amene anatsala ndi kachizindikiro: awiri obayidwa, mmodzi wosabayidwa. Anawadontheza inki pansi pa mimba pamene sangaoneke msanga. Khumi ndi asanu ndi awiri otsalawo ankangomuyang'ana, ndevu zikugwederagwedera. Mmodzi anamuluma chala.

Nthawi ya nkhomaliro inamupeza atagwira njakata, akuyamwa chala cholumidwacho. Ndi pamene anakumbukira chinthu chimene chinkamunyansa m'mawa uliwonse. A Nyasulu potsuka makola ankacheza ndi makoswe. Ankawapatsa moni m'Chitumbuka, kuwadzudzula, kuwaitana mayina mmodzimmodzi. Kawiri konse Fyness anawauza kuti achepetse phokoso chifukwa iye akuwerenga. Tsopano zinamulowa m'mutu kuti m'dziko lonse lapansi munali munthu mmodzi yekha wodziwa khoswe aliyense ndi khola lake, ndipo munthuyo iye anali atamutcha mbuli pamaso pa ana.

Ukayenda siya phazi, akuluakulu anatero, ukasiya mlomo ukutsata. Anaimba foni yawo, inali yozimitsa. Mayi wokolopa anamuuza, osamuyang'ana kumaso, kuti a Nyasulu amakhala ku Lupaso, kuseri kwa chigayo, nyumba ya chitseko chobiriwira.

Anakwera kabaza wa njinga yamoto. Mvula yowaza ya mu Juni inali itayambanso, ndipo msewu wa dothi unali woterera. Musaganize kuti Fyness ankapita atafewa. Njira yonse ankakonza mawu: kuti iwo ndi amene analakwa, kuti kuchoka pantchito osatsanzika ndi mlandu, kuti abwerere msanga akakonze zimene anawononga. Kupepesa kunalipo m'mawuwo, koma kunali kumapeto kwenikweni, ndipo kunali kochepa.

"Odi!"

"Odini," anayankha mawu ochokera m'kati, okhuthala ndi osasa, moti Fyness anayesa ndi mwamuna.

Anali mayi. Anakhala pa mpando pafupi ndi mbaula, atadzikulunga bulangeti, chipewa cha ulusi kumutu, masokosi awiriawiri. Nkhope yawo inali yotupa, zikope zolemera, khungu louma ngati lathiridwa phulusa. Anatenga nthawi kuti atembenuze mutu, ndipo anatenganso nthawi ina kuti moni atuluke. A Nyasulu anali chogwada pambali pawo, akukoleza makala. Ataona mlendoyo anaimirira, koma mpando sanamupatse.

"NyaGondwe, awa ndi a Madam a kuntchito. Madam, awa ndi akunyumba, Esme."

"Mwatandala uli, mwana wane?" mayiwo anapereka moni pang'onopang'ono. "Mupatseni mpando mwanayu, wanyowa."

Fyness anakhala pa kampando kafupi, ndipo anayamba mawu ake aja monga anawakonzera. Sanafike nawo patali.

"Mukanandiimbira foni, a Nyasulu, musanachite chilichonse."

"Ndinaimba kanayi."

Anaimbadi. Fyness anaona foni ikulira Lamlungu m'mawa ali pa siwa, n'kunena mumtima kuti mdalayu akufunanso chiyani, mwina utuchi watha.

"Ndinaimba kanayi," anabwereza a Nyasulu, ndipo mawu awo amene m'mawa anali ofatsa tsopano anakwera. "Ndiye mwabwera kudzatani? Kwa mbuli mwabwera kudzatani? Zaka nayintini, Madam. Ophunzira angati adutsa m'manja mwanga? Ena lero ndi maprofesa, amandidutsa pa galimoto pa Katoto osatsitsa ndi galasi lomwe. Ndinawaphunzitsa kugwira khoswe osalumidwa, ndinawaphunzitsa pobaya. Aliyense amabwera n'kunena kuti Nyasulu, awa madzi ofiira, awa madzi oyera, osasakaniza. Chifukwa chake? Palibe anandiuzapo ngakhale mmodzi. Mumaona ngati mutu wangawu ndi wosenzera chidebe basi. Mukanandiuza kuti kuzizidwako ndi kumene mukufuna, ine ndikanawafunditsa? Ndikanatero ine?"

Fyness anatsegula pakamwa kuti adziteteze, koma maso ake anali atapita kwina. Mayi aja ankakonza bulangeti, ndipo mpango wa m'khosi unasunthira pansi. Pakhosi pawo panali chotupa, chosalala, chachikulu ngati dzira la nkhuku. Nsidze zawo zinali zitathothoka cham'mbali. Fyness anaziwerengapo zimenezi m'mabuku kambirimbiri, ndipo kwa milungu isanu ndi umodzi ankazipanga dala m'makola, koma anali asanakhalepo nazo moyang'anana pa mbaula imodzi.

"Amama akhala chonchi nthawi yaitali bwanji?"

"Zimenezo si za kuntchito."

"Chonde, adada."

Linali tsiku loyamba kuwaitana choncho, ngati bambo ake. A Nyasulu anamuyang'ana kaye, kenako anayankha, mkwiyo usanathe.

"Zaka zinayi. Ankagulitsa kaunjika mumsika, munthu wa changu, wa pakamwa. Lero amagona ali chikhalire. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iwo ali m'bulangeti. Kuchipatala chaching'ono anatipatsa mapiritsi a magazi, kenako a malungo. Kutchalitchi apemphera mpaka kusasa mawu. Alongo anga akuti ndi ulesi, abale awo akuti ndine ndinawaika m'botolo. Ndiye dzulo ndatsegula chipinda chija, ndapeza tinthu tija tikunjenjemera ngati mmene amachitira awa m'mawa uliwonse. Mumafuna nditani?"

Fyness anasendeza kampando kake. Zimene anayenera kunena tsiku loyamba pakhomo la chipinda cha makoswe anazinena pamenepo, madzi a mvula akudontha kuchokera ku tsitsi lake. Anafotokoza za chithokomiro ndi homoni yake yotenthetsa thupi. Anafotokoza za pituitale, mmene imatumira chithokomiro ndi mmene imamvetserera yankho m'magazi. Ananena kuti madzi a chivindikiro chofiira amagonetsa chithokomiro, choncho pituitale imatuma, imatumanso, yankho osabwera, mpaka chithokomiro chimatupa chifukwa chokakamizidwa koma osatulutsa kanthu. Ananena kuti jakisoni uja ndi yankho limene pituitale imadikira, ndipo n'chifukwa chake a khola limodzi anali ofunda pomwe enawo ankanjenjemera.

A Nyasulu anamvetsera osaphethira. Mbuli ija inafunsa funso, ndipo linali lolunjika kuposa onse amene Dokotala Msiska anafunsapo chaka chonse.

"Ndiye munthu akatupa pakhosi n'kumazizidwa, ndiye kuti kam'mutuko kakuitana koma sikakuyankhidwa?"

"Zikhoza kutero. Ine si dokotala wa anthu, adada, sindingalumbire. Koma pali kuyeza magazi kumene kumaonetsa ngati pituitale ikukuwa. Ngati ndi zimenezo, mankhwala ake alipo. Ndi kapiritsi kakang'ono, kamodzi m'mawa uliwonse."

"Kapiritsi."

"Eya."

"Ka homoni yomweyo ya m'jakisoni uja?"

Fyness anagwedeza mutu kuvomereza. Ankayembekeza kuti nkhope ya mdalayo iwala, koma inachita mdima. A Nyasulu anayang'ana manja awo, kenako anayang'ana akazi awo amene anali atayamba kale kuwodzera.

"Sabata yonse yathayi," anatero motsitsa, "ine ndimagwira makoswe ndi manja awa, inu mukuwabaya mankhwala a matenda a mkazi wanga. Ndimatsuka kabotolo kake. Ndimakaika mufiriji. Madzulo ndimabwera kuno kudzakoleza mbaula." Anamenya ntchafu yawo ndi chikhatho, mpaka a NyaGondwe anadzidzimuka. "Sukulu yanuyo ndi ya chiyani, Madam? Ndi ya ndani?"

Fyness anaweramitsa mutu. Manyazi anamugwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anatsika pa kampando kaja n'kugwada pa simenti yozizira, monga anamuphunzitsira amayi ake, ndipo kupepesa kuja kumene anakuika kumapeto kunakhala mawu okhawo amene anatsala nawo.

"Ndinalakwa, adada. Ndinakunyozani pagulu, ndipo inki ija munandichenjeza. Pepani chomene. Koma dzuwa likalowa ndisanabaye, ntchito yonse yafa, ndipo makoswe aja avutika pachabe. Wowadziwa ndinu nokha."

Amene anadula mlandu ndi a NyaGondwe. "Pitani, a Nyasulu," anatero ndi mawu awo olemera aja. "Mwana wagwada."

Anafika ku chipinda cha makoswe cha m'ma folo koloko. A Nyasulu chijasi chawo sanachivale. Anapinda manja a malaya, anatsegula chikhola cha mbira, n'kuyamba kutola makoswe mmodzimmodzi, aliyense kumuyang'ana kumaso kamphindi.

"Uyu ndi Kondakitala, amakankha anzake pa botolo. Wobayidwa. Uyu ndi Mlonda, sagona msanga, khutu lake ili n'long'ambika pang'ono. Wobayidwa. Uyu Abusa, amaima ndi miyendo iwiri ngati akulalikira. Wosabayidwa. Uyu ndi Dokotala Msiska."

"Ndani?"

"Sapezekapezeka. Nthawi zonse ali pansi pa utuchi."

Tsiku lina Fyness akanaseka mpaka kugwa. Apa anangotembenuza khoswe aliyense mwakachetechete n'kuyang'ana pamimba. Atatu aja amene anawadontheza inki anatulukira pakati pa anzawo, ndipo onse atatu a Nyasulu anawaika m'khola loyenera osazengereza, osadziwanso kuti akuyesedwa. Fyness anadzida chifukwa chowayesa, komabe mtima wake unakhala m'malo. Anakoka mankhwala m'kabotolo, mdalayo akumugwirira khoswe monga mwa masiku onse, ndipo anabaya woyamba, wachiwiri, mpaka wachikhumi. Pa mchira uliwonse analembanso nambala, mwakuya, kawiri.

M'khola la obayidwa munakwana khumi. M'khola linalo munali asanu ndi anayi. Wotsiriza anali m'manja mwa a Nyasulu, kakang'ono kuposa onse, ubweya utaima, maso atatseka theka. Kunja kwa masaka aja kanali katayambanso kunjenjemera. Ndi kamene dzulo lake anakapeza katauma. Mdalayo anakaphimba ndi chikhatho chinacho, ndipo sanasunthe kupita ku khola lililonse.

"Mwatsala mankhwala m'kabotolomo," anatero.

"Atsala."

"Okwanira mmodzi."

"Adada, ameneyo ndi wa khola liti?"

"Mukudziwa kale. Uko akwana khumi."

"Dzina lake?"

A Nyasulu anayang'ana kakhosweko. Chala chawo chachikulu chinkasisita kamsana kaja.

"NyaGondwe."

Jakisoni anali m'dzanja la Fyness, mankhwala analimo, ndipo kubaya kukanatenga nthawi yochepa kuposa kuphethira. Koma khola lozizira, la osabayidwa, linafunika khumi, ndipo akanabaya kameneka akanakhala wachita zomwe zija anakanira Dokotala Msiska. Anakwiyira hita yakufa, anakwiyira mabuku, anakwiyira ntchito imene anaisankha yekha ndi maso ake ali otsegula. Kenako anaika jakisoni patebulo, natsegula chitseko cha khola la osabayidwa.

"Sindingathe, adada."

"Ndikudziwa. Mwandifotokozera."

A Nyasulu anakaika okha m'kholamo, pakona pamene panali utuchi wambiri, ndipo anatseka okha chitseko. Atatero anapukuta manja pa buluku.

"Lachinayi mupeze wina wokugwirirani. Ine ameneyu sindimugwira. Ndipo mawa ndikupita ndi mayi aja kukayezetsa magazi. Mundilembere papepala dzina la kuyezako, zilembo zikuluzikulu, asakandipatsenso mapiritsi a malungo."

Fyness anang'amba pepala m'buku lake la zotsatira, ndipo analemba ndi inki yakuda yomwe ija ya pa michira. Pansi pake anawonjezera nambala yake ya foni, ngakhale ankadziwa kuti mdalayo anali nayo kale ndipo anaiimbapo kanayi. A Nyasulu anawerenga pepalalo pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la pachifuwa.

"Yewo," anatero.

Makiyi anali patebulo pomwe anawasiya m'mawa. Anawadutsa osawayang'ana.

Ntchito ya Fyness inali itapulumuka. Makola atatu anali m'malo mwake, khumi, khumi, khumi, manambala akuwala pa michira. Anakhala pa mpando moyang'anana ndi khola lozizira, kunja nkhungu ikutsika kuchokera ku Kaning'ina. Kakhoswe NyaGondwe kanali pakona pake paja, katadzipinda, kakunjenjemera. Saka limodzi la a Nyasulu linali pansi, pafupi ndi phazi la Fyness, ndipo mpaka Lachinayi sankaloledwa kulitola kuti afunditse kakhosweko.